Chaka chimene kwathu kunalibe khonde

Lero ndiyambe n'kuulula mlandu wanga. Munthu amene anachititsa kuti khonde la kwathu litsekedwe ndi njerwa ndine. Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza kumene ku yunivesite, ntchito ndisanapeze, ndikungokhala pakhomo ndi foni m'manja komanso nzeru zambirimbiri zimene palibe anandipempha.

Nyumba ya makolo anga ili ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre. Ndi nyumba wamba: zipinda zogona zitatu, pabalaza, khitchini, denga la malata. Kumaso kwake kunali khonde lalitali la nsanamira zitatu, lija amayi ankatigwaditsa Loweruka lililonse kuti tipake polishi wofiira mpaka nkhope izionekera pansi. Kuchokera pakhoma kukafika m'mphepete mwake linali pafupifupi mamita awiri. Kutsogolo kwake kunali kampanda ka maluwa kofika m'chiuno, kenako msewu wafumbi.

Chaka chimenecho pakhomo tinachuluka. Agogo, mayi awo a amayi, anali atabwera kuchokera ku Ntcheu chifukwa miyendo inkawavuta. Msuweni wathu anabweranso kudzayamba kozi m'tauni. Ine ndinali nditabwerako ku koleji ndi zikwama zanga. Anyamata ankagona pabalaza, kuyala madzulo, kuyalula m'mawa. Ndiye tsiku lina tikudya nsima ndinati, "Adadi, khondeli likungokhala. Bwanji tilitseke likhale chipinda? Denga lilipo kale, pansi ndi powaka kale, changotsala n'khoma basi."

Adadi anawerengetsera m'mutu n'kuona kuti n'zotchipa kusiyana n'kumanga chipinda china kuseri. Amayi anakayikira pang'ono koma anavomera. Agogo okha ndi amene anafunsa funso.

"Nanga wobwera ndi odi muzimulandirira pati?"

Tinaseka. "Pabalaza, agogo. Masofa aja ntchito yake n'chiyani?"

Anangoti, "Chabwino, eni nyumba ndinu."

Pasanathe masabata awiri mmisiri anali atamaliza. Tinapeza chipinda chachinayi chokhala ndi kazenera kamodzi, ndipo chitseko cha kumaso chinayamba kutsegukira pabwalo penipeni. Ndinajambula chithunzi n'kuika pa gulu la WhatsApp la banja. Azakhali analemba kuti ana ophunzira ndi abwino.

Zimene zinatsatira

Choyamba chinali mdima. Zenera lalikulu la pabalaza, limene kale linkayang'ana pakhonde, tsopano linkayang'ana m'chipinda cha anyamata. Tinaikapo katani lochindikala kuti asamaonekere akamavala. Kuyambira tsiku limenelo pabalaza pankafunika kuyatsa babu masanasana, ndipo magetsi akathima tinkakhala ngati tili m'phanga.

Chachiwiri chinabwera mu Okutobala. Kale tikatsegula zenera la kumaso ndi chitseko cha kukhitchini, mphepo inkadutsa m'nyumba yonse. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira. Ife tinali titatseka polowera. Chipinda chatsopano chija chinali ndi denga lotsika lopanda siling'i, moti masana malata ankawotcha pamutu ngati uli pafupi ndi uvuni wa sikono. Msuweni uja ankawerengera pansi pa mtengo wa mapeyala wa aneba.

Chachitatu chinabwera ndi mvula. Madzi ankamenya chitseko mwachindunji n'kumalowa pansi pake. Nsapato zamatope, maambulera onyowa ndi zovala zosauma, zimene kale zinkatsala pakhonde, zonse zinasamukira pabalaza. Ndipo tsiku lina mu Januwale, mvula ikukhuthuka, magetsi atathima, mng'ono wanga analowetsa mbaula m'khitchini n'kutseka chitseko ndi zenera kuti madzi asalowe. Nyemba zisanapse n'komwe anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Mwayi wake amayi anatulukira, anatsegula paliponse n'kumutulutsa. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, koma umapha. Zaka zonse zija mbaula yathu inkakhala pakona pa khonde, pamene mvula siifika koma mphepo imadutsa, ndipo palibe anaganizapo kuti kakonako kankatiteteza.

Koma chimene chimandipweteka mpaka lero ndi agogo.

Khonde lisanatsekedwe, tsiku lawo linali ndi ndondomeko. Akamwa tiyi ankayala mkeka pafupi ndi nsanamira yapakati. Ankaswa mtedza, kusankha mpunga, kuyang'anira ana a aneba. Mayi wogulitsa masamba ankaima. Mnyamata wa makala ankaima. Amayi a kumpingo akamapita koyeserera nyimbo ankapatuka mphindi zisanu. Agogo sankayenda, koma dera lonse linkawadutsa pamaso.

Titatseka, anayesa kukhala pabwalo, dzuwa linawathamangitsa. Anayesa kuseri, koma kumeneko ukuyang'anizana ndi bafa ndi chingwe choyanikira zovala. Mapeto ake anayamba kumangokhala kuchipinda. Kudya kunachepa, nthabwala zinatha. Tinkati ndi ukalamba. Tsiku lina ndikuwapatsira madzi osamba anandifunsa, "Kodi anthu a m'dera lino anasamuka?"

Patapita masabata angapo anauza amayi kuti akufuna kubwerera ku Ntcheu. Amayi anati, "Amayi, kumudzi akakusamalani ndani? Chipatala chili pafupi ndi kuno."

Iwo anayankha kuti, "Kumudzi ndikakhala pakhonde, anthu amaona kuti ndilipo."

Mawu amenewo sanandigonetse. Ine ndi digiri yanga ndinkaona khonde ngati malo otsala, mamita angapo ongowonongeka. Agogo, amene sukulu analekezera sitandade 3, ankadziwa kuti ndi chipinda chimene chinkagwira ntchito kuposa zonse pakhomopo.

Malo amene suli m'nyumba komanso suli panja

Taganizirani mmene timalandirirana kuno kwathu. Munthu akafika amaima chapatali n'kunena kuti odi. Mwininyumba amatuluka, amapereka mpando kapena mkeka, kenako moni. Zonsezi zimachitikira pakhonde. Wobwereka mchere, wodzakumbutsa ngongole, wolalikira khomo ndi khomo, mnyamata amene akuti akungodutsa koma tonse tikudziwa kuti akufuna achemwali, onsewa umawalandira mwaulemu popanda kuwaonetsa m'nyumba mwako.

Kulowa pabalaza pa munthu n'kolemera. Uvule nsapato, ukhale pasofa mowongoka, akuphikire tiyi, ndipo sungatsanzike msanga. N'chifukwa chake anthu amene ankapatuka mphindi zisanu aja anangosiyiratu. Sanadane nafe ayi. Tinangowachotsera malo amene munthu amacheza osakhala mlendo weniweni.

Ngakhale chilankhulo chathu chimachitira umboni. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama timawatchula kuti banki m'khonde, ndipo gulu la amayi anga linkakumanadi pakhonde lathu mpaka pamene tinalitseka. Mukayenda ku Limbe kapena pa boma lililonse mupeza matelala atandanda ndi makina awo m'makhonde a masitolo. Bawo amasewerera pakhonde. Tsitsi timalukira pakhonde. Ifenso a mafoni, netiweki ikavuta kapena tikafuna kuyankhula zoti ena asamve, timathamangira komweko.

Ntchito imene khonde limagwira mwakachetechete

Nditayamba kuwerenga za kamangidwe, ndinatsegula kampasi ya pafoni nditaima pakhomo la kwathu. Ndinapeza kuti khonde lathu linayang'ana kumpoto. Kaya anamanga nyumbayo anachita dala kaya zinangochitika, koma kwa ife okhala kum'mwera kwa equator imeneyi ndi mbali yabwino kwambiri.

Zimayenda chonchi. Mu Juni ndi Julayi, nthawi yozizira, dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo limakhala lotsikirapo, choncho limalowa pansi pa denga la khonde n'kufunditsa pansi ndi khoma. N'chifukwa chake agogo ankaothera dzuwa osasuntha mkeka. Chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, kukamatentha kwambiri, dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, ndiye denga lomwe lija limaponya mthunzi pakhonde ndi pakhoma ponse. Khoma likapanda kuwombedwa ndi dzuwa silisunga kutentha koti lizikutulutsirani usiku. Chiperoni nacho, chija chimabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, chimachokera chakum'mwera cha kum'mawa, moti khonde la kumpoto limakhala kuseri kwake.

Mbali yovuta ndi kumadzulo. Dzuwa la cha m'ma 3 koloko mpaka kulowa limakhala lotsika komanso lotentha, ndipo limalowa cham'mbali moti denga silingalitchinge ngakhale litatalika bwanji. Khonde loyang'ana kumadzulo limafuna chotchinga choimirira: mtengo, mbewu yoyanga, kapena mkeka wopachika woti muzitsitsa masana n'kupinda madzulo.

Pa nkhani ya mvula, makolo athu anadziwa kalekale. Nyumba ya kumudzi ya zidina zosawotcha imakhala zaka zambiri ngati denga la udzu latsika bwino n'kupitirira khoma, ndipo khonde lake lakwezedwa n'kumazilidwa. Madzi akamagwera patali, tsinde la khoma silinyowa. Nyumba imene denga lake lathera pakhoma penipeni imayamba kudyeka m'munsi.

Azungu oyamba kumanga kuno anatsatira nzeru yomweyo ya mthunzi. Mandala House ku Blantyre inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene inkayendetsedwa ndi John Moir ndi m'bale wake Frederick. Ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zidakalipo m'dziko muno, ndipo chinthu choyamba chimene umaona ukafika ndi makhonde ake. Ngati muli mu Blantyre, kaimenipo masana kukutentha mumve kusiyana kwa pabwalo ndi pansi pa dengalo.

Kunja nakonso n'chimodzimodzi. Ku Zanzibar, m'tauni yakale ya Stone Town, nyumba zambiri zili ndi baraza, benchi lomangidwa kunja m'mbali mwa chitseko, pamene mwininyumba amachezera ndi anthu osawalowetsa m'kati. Abale athu a ku Joni amadziwa stoep. Ku Japan nyumba zachikale zili ndi engawa, kanjira ka matabwa pakati pa zipinda ndi dimba. Ndipo Francis Kéré wa ku Burkina Faso, munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya Pritzker mu 2022, anatchuka ndi sukulu ya pulayimale imene anamanga m'mudzi wa kwawo ku Gando, yomwe inatha mu 2001. Makoma ake ndi a njerwa zadothi. Denga la malata analikweza pamwamba, losagundana ndi siling'i, kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo analitalikitsa mbali zonse kuti liziteteza makoma ku dzuwa ndi mvula. Dziko lonse linamuwombera m'manja chifukwa cha chinthu chimene ine ndinachitseka ndi njerwa.

Koma tisanamizane

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima: "Iwe, khonde silidyedwa. Ana agona pati? Nanga akuba?"

Mafunso amenewa ndi oona. Kwathu kuja anyamata ankagonadi pansi pabalaza, ndipo chipinda chija chinawathandiza. Mapuloti a m'tauni ndi aang'ono, ndipo chipinda chimodzi cha lendi chimatha kulipirira mwana fizi. Mpando wabwino ukausiya panja usiku m'madera ena, m'mawa upeza malo okha. N'chifukwa chake timamanga mipanda yaitali ya njerwa n'kutchinga makhonde ndi zitsulo mpaka kuoneka ngati khola.

Chimene ndikunena n'choti powerengetsera tiziika zonse pa sikelo. Ine ndinawerenga matumba a simenti ndi njerwa basi. Sindinawerenge mayunitsi a babu loyaka masana, tulo tosowa mu Okutobala, chitseko chofufuma ndi madzi, mutu wa mng'ono wanga, kapena chete wa agogo. Zikanakhala kuti ndinaziwerenga, bwenzi titatseka mbali imodzi yokha, kutali ndi zenera la pabalaza.

Ndipo n'zimene tinachita pamapeto pake. Msuweni atamaliza kozi n'kupeza pake, ndinapita kwa adadi ndi manyazi anga. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Digiri yakoyi yatidyera simenti kawiri." Koma anaitanitsa mmisiri.

Tinasiya gawo limodzi mwa magawo atatu kuti likhale kasitolo kosungiramo njinga, makala ndi mipando usiku. Kotsalako tinagumula khoma n'kusiya kakhoma kofika m'mawondo, kotambalala bwino koti munthu n'kukhalapo. Ameneyo ndi mpando umene wakuba sanganyamule. Chitetezo tinachiika pamene chikufunikira: chitseko chachitsulo pakhomo lolowera ndi zitsulo m'mazenera. Sitepe yaitali imene inkavuta agogo tinaigawa pawiri n'kuikapo chogwirira. Tsiku limene tinachotsa katani lochindikala lija, amayi anaima pakati pa balaza n'kunena kuti anali ataiwala mtundu weniweni wa masofa awo.

Ngati mukumanga

Ambiri a ife puloti tidakali kuilota, koma ena mwayamba kale kuumba njerwa, ndipo ena makolo amakufunsani maganizo ngati mmene anandifunsira ine. Nazi zimene ndinaphunzira mochedwa.

Yambani mwaima pamalopo ndi kampasi ya pafoni, pulani isanajambulidwe. Onani kumene dzuwa likulowera. Khonde lalikulu lisamangoyang'ana kumsewu chifukwa choti aliyense amatero. Ngati n'kotheka liyang'ane kumpoto kapena kum'mawa.

Musaumire kukula kwake. Khonde la mita imodzi ndi kanjira chabe, ukakhala pampando mawondo ali pamvula. Kuti mpando ukwane, munthu wina n'kudutsa kutsogolo, pamafunika pafupifupi mamita awiri. Ngati mukufuna kudyerapo, onjezerani.

Pansi pake patsike pang'ono kuyerekeza ndi m'nyumba, masentimita awiri kapena atatu, ndipo papendekere kunja, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse, kuti madzi azithawa chitseko. Muuzeni mmisiri zimenezi asanathire konkire, ndipo akamaliza thiranipo ndowa ya madzi iye ali pomwepo muone kumene akulowera. Masitepe asapitirire masentimita 18 kutalika, ndipo onse akhale ofanana. Lero mukudumpha, koma pakhomo padzabwera agogo, mayi woyembekezera kapena mwana wophunzira kuyenda.

Matailosi onyezimira aja amakongola m'sitolo, koma akanyowa ndi msampha. Panja pamafunika okhakhala. Simenti wamba wopaka polishi, njerwa zoyala kapena miyala yaphanthiphanthi zimagwiranso ntchito bwino. Ngati mukufuna kuti pabalaza ndi pakhonde pazioneka ngati malo amodzi, sankhani mtundu wofanana kapena woyandikana, diso lizingodutsa pakhomo osaima.

Nsanamira zamatabwa zisakhudze dothi, apo ayi mwaitanira chiswe ku phwando. Zikhale pa konkire kapena pa chitsulo. Denga la khonde limangiriridwe mwamphamvu ku nsanamira ndi kukhoma, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba imalowa pansi n'kulikankhira m'mwamba, ndipo madenga ambiri amayambira pamenepo kusasuka.

Zenera kapena chitseko cha pakhonde chikhale ndi chinzake mbali ina ya nyumba kuti mphepo izidutsa. Zitseko zagalasi zokhetemula zimene timaziona pa Instagram n'zokongola, koma galasi lalikulu lopanda mthunzi, makamaka kumadzulo, limasandutsa pabalaza kukhala ng'anjo. Zitseko ziwiri wamba zotsegukira kunja zimapereka mpata womwewo pa mtengo wotsika. Ndipo ngati muli mumzinda, kusintha kamangidwe ka nyumba kumafuna chilolezo cha khonsolo, choncho funsani musanagumule kapena kuwonjezera.

Ngati muli pa lendi ngati ine

Panopa ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Khonde langa ndi kasimenti kongokwana mkeka umodzi, koyang'ana kumadzulo, mbali yoipa ija. Alandilodi salola kukhoma ngakhale msomali popanda kupempha. Komabe pali zimene ndachita, ndipo zonse ndingathe kunyamula tsiku losamuka.

Choyamba ndinachotsapo katundu. Makhonde ambiri a pa lendi ndi manda a zinthu: beseni losweka, matayala, nsapato zopanda zinzake, chigubu chobooka. Ukangochotsa zimenezo n'kukolopa, wapeza kale chipinda chaulere.

Kenako ndinagula mpando umodzi wa nsungwi, ija amaluka amisiri athu n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Kunja anthu amailipira ndalama zambiri n'kumaitchula ndi dzina la dziko lathu, ife tikuthamangira mipando ya pulasitiki imene imathetheka ndi dzuwa. Ndi wopepuka, moti usiku ndimangoulowetsa. Mlendo akabwera ndimatulutsa kampando ka m'khitchini.

Ndinapempha chilolezo chokhoma misomali iwiri n'kupachika mkeka kumbali ya dzuwa. Cha m'ma 2 koloko ndimautsitsa ngati ndili pakhomo, ndipo chitseko sichitenthanso ngati kale. M'chidebe chachikulu ndinadzala magalagadeya, amene akuyanga pa chingwe kupita kudenga. Akakula adzalowa m'malo mwa mkeka, zipatso n'kukhala bonasi.

Chitenje chimodzi cha mamita anayi ndinachigawa: china katani la pakhomo, china pilo wa pampando wa panja, china pilo wa pasofa. Ukakhala m'kati chitseko chili chotsegula, maso amaona mtundu womwewo m'kati ndi kunja, ndipo kachipinda kamaoneka kokulirapo. Sofa ndinaisuntha kuti isapereke msana kukhomo komanso isatseke njira ya mphepo yochokera pakhomo kupita pazenera la kuseri. Chomera chimodzi chili kunja kwa chitseko, chinzake chofanana nacho chili m'kati. Pakhomo pali chopondera chokhakhala kunja, chofewa m'kati, ndi kashelefu ka nsapato, kuti fumbi la Lilongwe lizithera pamenepo.

Pa kuwala, babu loyera kwambiri lija limaitana tizilombo tambiri kuposa lachikasu. Ndinaika lachikasu, ndipo lili chapambali, osati pamwamba pa chitseko penipeni, kuti zouluka zisamalowe nane limodzi. Nyengo ya ngumbi yokha ndi imene ana a aneba amadandaula kuti ndawachepetsera ndiwo. Kanyale ka sola kamene ndimakayanika masana kamandithandiza magetsi akathima.

Za udzudzu tisachite nazo masewera. Timbale toika pansi pa miphika ya maluwa, zitini ndi matayala zimasunga madzi, ndipo udzudzu umatha kuswana m'madzi oima pasanathe masabata awiri. Khuthulani sabata iliyonse. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku, ndiye kukada tsekani chitseko kapena ikani chitseko cha sefa, valani zofika m'mapazi ngati mukuchezabe panja, ndipo pogona neti ndi yosakambirana. Khonde lokongola silichiza malungo.

Mbaula ikhale panja nthawi zonse, ngakhale kuzizire bwanji, ngakhale mvula igwe bwanji. Pezani kona imene madzi safika, kutali ndi katani ndi mkeka wopachika uja. Izi ndikunena ngati munthu amene anatsala pang'ono kutaya m'bale wake.

Chimene chandidabwitsa n'choti kakhonde kameneka kandidziwitsa anthu. Miyezi itatu yoyamba ndinkangolowa n'kudzitsekera, osadziwa ngakhale dzina la woyandikana naye khomo. Nditayamba kumwera tiyi panja ndi laputopu pamiyendo, moni anayamba, kenako nkhani. Pano ndikachoka pali amene amandiyang'anira pakhomo, ndipo mvula ikayamba ndili kutali ndimapeza zovala zanga zitaanulidwa. Loko wa pachitseko sachita zimenezo.

Agogo sanabwerere ku Ntcheu. Mwezi watha ndinapita ku Zingwangwa ndipo ndinawapeza pamalo awo, pafupi ndi nsanamira yapakati, lichero pamiyendo. Pa kakhoma kaja panakhala amayi awiri a kumpingo ndi mtsikana wogulitsa nthochi amene anatula dengu kuti apume. Ndinagwada n'kupereka moni, kenako ndinaimirira kutsogolo kwawo n'kuyamba kuwafotokozera za kumpoto, za Juni ndi Okutobala, ndi za munthu wa ku Burkina Faso uja.

Anandimvetsera pang'ono, kenako anandikankha mwendo ndi ndodo yawo.

"Wophunzira, tasuntha. Ukunditchingira msewu."